Ulendo wa ku Edinburgh: tigule Explorer Pass kapena tikiti ya linga lokha?

NaPhiri: Abale, mwezi wa mawa tikunyamuka pa galimoto kuchokera ku Manchester kupita ku Edinburgh, ine, bambo akunyumba ndi ana awiri, masiku atatu. Kodi Explorer Pass ya Historic Environment Scotland ndi yoti n'kugula, kapena tingolipira tikiti ya Edinburgh Castle yokha?

aChisale: Achemwali, nkhani yagona poti mulowa malo angati. Pasiyo imagwira masiku 14 otsatizana, imakulowetsani m'malinga akale a Edinburgh, Stirling, Urquhart ndi kwina. Koma Urquhart ili kutali ku Loch Ness, anawo angatope nazo. Ngati ndi linga limodzi basi, musagule.

Mayi a Tadala: Ine ndiye ndikuti ngakhale tikitiyo isiyeni. Wamkulu mmodzi pafupifupi mapaundi 20, kuphatikiza ana, imeneyo ndi ndalama ya mafuta. Lingalo limaoneka bwinobwino muli pa Princes Street Gardens, pomwe palinso chiboliboli cha David Livingstone. Mzinga womwe amawomba kulingako 1 koloko masana mumaumva muli pomwepo. National Museum of Scotland ndi yaulere, ana akhoza kuswera momwemo.

aChisale: Ayi amayi, pamenepo sindikuvomereza. Kunjako mumangoona makoma pamwamba pa thanthwe. M'kati muli katchalitchi ka St Margaret, nyumba yakale kuposa zonse mu Edinburgh, ya m'zaka za m'ma 1100, kakang'ono moti anthu amadikirirana pakhomo. Muli chisoti chachifumu cha 1540. Chomwe chinandigwira mtima ine ndi kachipinda komwe Mary, mfumukazi ya Scotland, anaberekera James VI mu 1566. Kuchepa kwake ngati kakhitchini ka kumudzi, koma mwana wobadwiramoyo anadzalamulira Scotland ndi England pamodzi. Mwana wasukulu akaima m'menemo saiwala.

aNgozo: Mukalowa, musapite Lamulungu, mzingawo sawomba tsiku limenelo. Komanso musakafunefune Stone of Destiny, mwala wolongerapo mafumu, anausamutsira ku Perth mu 2024. Matikiti gulirani pa intaneti pasadakhale, chifukwa nthawi ya tchuthi amatha.

NaPhiri: Zikomo achimwene. Nanga Stirling n'kutali?

aNgozo: Pafupifupi ola limodzi. Panjira pali Linlithgow Palace, komwe Mary yemweyo anabadwira mu 1542, nayonso ili pa pasiyo. Mukalowa malo atatuwa ndiye pasiyo ikhala ndi phindu. Phatikizani mitengo yake muone nokha.

Mayi a Tadala: Malinga atatu masiku atatu ndi ana? Achemwali, adzayamba kulira pa lachiwiri. Ine ndikanakhala inu, podutsa pa msewu wa M74 ndikanaima ku Blantyre wa ku Scotland, komwe Livingstone anabadwira mu 1813. Anawo akaone komwe dzina la mzinda wathu linachokera. Kumeneko pasiyo sigwira, mumalipira padera.

aChisale: Zimenezo n'zoona, ku Blantyre musakulambalale. Koma linga limodzi lokha mulowe ndithu.

aNgozo: Chinanso, galimoto yanu ndi ya dizilo? Kuyambira 1 June 2024 magalimoto akale otulutsa utsi wambiri amalipitsidwa mapaundi 60 akalowa pakati pa mzindawo. Ikani galimoto pa Ingliston mukwere tram, kasitima koyenda mumzinda.

NaPhiri: Ndi ya dizilo, yakalekale, bwenzi titagwidwa. Ndiye tichita chonchi: Blantyre popita, tikiti ya Edinburgh Castle yokha Loweruka m'mawa kuti 1 koloko itipeze m'kati, pasiyo tiisiye. Mayi a Tadala, ku Blantyre kuja mumatulukira pati pa M74?