Mahedifoni ndi ampulifaya pa madola 350: ndigule chiyani mlamu asananyamuke ku Johannesburg?

Mphunzitsi wa ku Chinamwali

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru ndisanataye ndalama m'madzi. Ndimakhala ku Chinamwali kuno ku Zomba, m'nyumba ya malata yopanda siling'i, ndi mayi a kunyumba komanso ana atatu. Kale ndinkamvera nyimbo pa wailesi ya masipika awiri pabalaza, koma chibadwire wachitatuyu, 8 koloko ikangokwana nyumba yonse iyenera kuti zii. Tsono nthawi yanga yomvera nyimbo ndi yomweyo, ndikamaliza kuchonga makope a Fomu 3.

Panopa ndili ndi timahedifoni ta m'khutu togula mumsika. Besi alipo, wa bu bu bu, koma kwaya ikayamba mawu onse amangosanduka phala. Ine ndinaimba tenala mu kwaya ya kumpingo zaka 12, ndiye zimandiwawa kumva alito ndi tenala atamatirirana ngati nsima ya dzulo. Kupatula kwaya ndimakonda rumba ya ku Congo, ija magitala atatu amalankhulana, ndi reggae pang'ono. Nyimbo zambiri zili mu laputopu, ndinazikopa ku ma CD anga n'kuzisunga mu FLAC, mtundu wa mafayilo osachepetsa ubwino wa mawu.

Mwezi uno chipereganyu cha kusukulu chagwera ine. Ndikaphatikiza ndi zimene ndinasunga, zikukwana madola pafupifupi 350. Mlamu wanga akubwera pa basi kuchokera ku Johannesburg pa Khirisimasi ndipo wavomera kundigulira. Ndawerenga anthu akutamanda Sennheiser HD 600, koma akuti ndi a ma ohm 300 (muyeso wa mmene amakanira magetsi kudutsa), ndiye amafuna ampulifaya. Kodi ndalamayi ndiigawe pakati, theka mahedifoni theka ampu? Nanga poti magetsi kuno amathima nthawi yomwe ine ndimafuna kumvera, ampuyo siikhala chokongoletsera patebulo?

Wamawaya wa ku Ndirande

Aphunzitsi, ine ndimakonza maampulifaya ndi kuyendetsa zoimbira m'maukwati, ndiye ndilankhula monga wogwira waya. Musagawe pakati. Chimene chimasintha kamvekedwe ndi mahedifoni. Ampu yabwino siwonjezera kukoma, ntchito yake ndi kupereka mphamvu yokwanira popanda kulowetsa phokoso. Pa ndalama yanuyo, magawo awiri mwa atatu apite ku mahedifoni, mwinanso kuposa.

Koma mawu ofunika kwambiri mu uthenga wanu ndi akuti "yopanda siling'i". HD 600 ndi otseguka kumbuyo: chikho cha kukhutu chili ndi sefa, mphepo imadutsa. N'chifukwa chake mawu a anthu amamveka ngati kwaya yaima patsogolo panu, osati m'kati mwa chigaza. Koma sefa yomweyo imatulutsa nyimbo kunja n'kulowetsa za kunja m'kati. Mlamuyo akufika nawo mu Disembala, mvula ili pa malata. Mudzamva chiyani? Mudzakweza voliyumu, mwana adzadzuka, mlandu udzakhala wanu.

Ine ndikanakhala inu ndikanatenga otseka kumbuyo, Beyerdynamic DT 770 Pro. Amapangidwa ku Heilbronn ku Germany, ndipo alipo a ma ohm 32, 80 ndi 250. Tengani a 80. Ali ndi mapilo a nsalu yofewa, osati a chikopa chonyengezera chija chimasupuka ndi thukuta la mu Okutobala, ndipo mapilowo akatha mumangogula ena. Chingwe chake ndi cha mamita atatu, choongoka, sichichotsedwa, koma chikaduka munthu wowotcherera mawaya ngati ine amachilumikiza. A 250 asiyeni, amafuna mphamvu yochuluka ndipo chingwe chake ndi chopiringizika ngati cha telefoni yakale.

Za ma ohm musaope. Akachuluka, mahedifoni amafuna voteji yokwera kuti afike pa voliyumu yomweyo, ndipo bowo la pa laputopu nthawi zambiri silikwanitsa. Mumakweza mpaka kumapeto koma nyimbo ili yofooka ngati tiyi wa tsamba limodzi. Ampu imathetsa zimenezo, basi. Chinthu china choyang'ana pa pepala la ampu ndi output impedance, kutanthauza ma ohm a ampuyo pa bowo la mahedifoni: isapitirire gawo limodzi mwa asanu ndi atatu a ma ohm a mahedifoni anu. Pa a 80, ikhale pansi pa 10. Zambiri za masiku ano zili pansi kwambiri.

Pa nkhani ya magetsi, gulani yodya moto wa pa USB, yokhala ndi DAC (kachipangizo kosandutsa nyimbo za mu kompyuta kukhala mawu opita ku mahedifoni) m'kati momwemo, monga FiiO E10K, kapena iFi Zen DAC ngati ndalama yatsala. Bola batire la laputopu lili ndi moyo, nyimbo zikupitirira mumdima. Zapatebulo monga Schiit Magni ndi JDS Labs Atom ndi zabwino zedi, koma zimadalira soketi, ndipo adaputala yake ndi thiransifoma yopangidwira voteji imodzi. Kuno ndi 230. Munthu wina anandibweretsera ampu yochokera ku America, adaputala ya 120 itaphika ndi kununkha. Iye anangosintha mano a pulagi n'kuganiza kuti watha ntchito.

Namwino wa ku Leeds

Bambo aphunzitsi, achimwene a ku Ndirande anena zoona zambiri, koma pa kwaya ndikutsutsana nawo. Ine ndili ndi HD 600, ndimamvera ndikaweruka ntchito ya usiku ena m'nyumba akugona. Amatulutsa mawu inde, koma pa voliyumu yabwinobwino zimamveka ngati munthu akunong'ona pakona. Amene wakhala nanu mpando umodzi amva, amene ali kuseri kwa chitseko ayi. Mahedifoni amenewa anatuluka mu 1997 ndipo akugulitsidwabe mpaka lero, chifukwa chake ndi mawu a munthu. Tenala wanu mudzamupeza pamalo pake. Besi wa reggae yekha ndiye safika pansi penipeni, zimenezo ndisakunamizeni.

DT 770 ndinawayesapo a mnzanga. Besi ndi wokoma, koma mawu a pamwamba ndi akuthwa m'makutu mwanga. Kwaya ya amayi ikafika pa "s", ndimachita tsinya. Ena amawakonda choncho, makutu ndi osiyana. Ngati otseka ndi amene mukufunadi, onaninso AKG K371, mawu ake a pakati ndi osalala ndipo ndi a ma ohm 32, safuna ampu yaikulu. Ngati mtima uli pa otseguka koma HD 600 akudya ndalama yonse, kuli mng'ono wake HD 560S wa ma ohm 120, wotsika mtengo, ndipo kaampu ka USB kamamukwanitsa.

Tsono monga namwino ndisakusiyeni osanena ichi. WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, imalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire ma decibel 80 (muyeso wa kukula kwa phokoso) kwa maola 40 pa sabata. Mahedifoni abwino ndi onyenga: sachita phokoso loipa mukakweza, ndiye simuzindikira kuti mwapitirira. Mvula ikalimba pa malata musapikisane nayo, vulani mukagone.

Mnyamata wa pa Park Station

Madala, ine za ma ohm sindilowererapo, ndingokuchenjezani za kuno. Mlamu wanuyo asagule kwa anyamata a m'misewu ya m'tauni kapena pa Facebook kwa munthu wosadziwika. Zachinyengo zilipo, bokosi lokongola ngati lenileni, makamaka mitundu yotchuka monga Audio-Technica M50x. Ine ndinagwapo, ndinazindikira mbali imodzi itasiya kulira patatha milungu itatu, wogulitsa foni atazima. Apite ku sitolo ya zida za oimba, atenge risiti, ndipo ayese mbali zonse ziwiri ali pomwepo. Risitiyo asaiike pansi pa chikwama, pa Mwanza a MRA akhoza kuifuna, ndipo musiyeko ndalama pang'ono ya msonkho. Katunduyo akhale naye pampando. Akamuika pansi pa basi pamodzi ndi mafiriji ndi zigubu za mafuta ophikira, pofika ku Tete mahedifoni asanduka chigumu.

China, chilichonse cha pa soketi chogula kuno chimabwera ndi pulagi ya mano obulungira, pomwe kumudzi ndi ya mano atatu aphwatalala ngati ya ku UK. Ya USB ija ilibe vuto limeneli.

Mphunzitsi wa ku Chinamwali

Zikomo nonse, mwanditsegula m'maso. Mayi a ku Leeds ndi achimwene a ku Ndirande mutasiyana maganizo, ndinati ndiyese ndekha monga timachitira mu labu. Usiku wathawu ndinaika foni patebulo la pabalaza, sipika yake ikulira motsitsa ngati kunong'ona kumene mwanenako, ndinatseka chitseko cha kuchipinda, n'kupempha mayi a kunyumba kuti agone chete amvetsere. Poyamba anati sakumva kanthu. Nditakweza kamodzi kokha, anatchula nyimboyo dzina, n'kuyamba kuimba nawo vesi yachiwiri. Khoma lathu limathera pa mtanda wa denga, mawu amangolumpha pamwamba ngati mphaka.

Ndiye HD 600 adikire chaka chimene ndidzakhome siling'i. Zandiwawa, poti mmene mwafotokozera za tenala uja mtima unali utapita kale. Ndamuuza mlamu kuti akapeze sitolo yoti alole kuyesa, avale DT 770 a 80 ndi K371 motsatizana. Ndamutumizira pa WhatsApp nyimbo imodzi ya amayi a Mvano yodzaza ndi ma "s", ndamuuza kuti amene asamubaye m'khutu ndi amene atenge. Vuto n'lakuti mlamu wangayu amamvera amapiano okhaokha, ndiye ndikuopa kuti akasankha a besi wamkulu n'kubwera akumwetulira. Ampu ndatenga maganizo a E10K, yotsalayo ndasungira a pa Mwanza.

Achimwene a ku Ndirande, funso lomaliza. Ngati angabwere ndi DT 770, mapilo ansaluwo ndiitanitsiretu ena apadera ulendo womwewu, kapena amachapika ndi sopo? Mlamu sabweranso mpaka Khirisimasi inayo, ndipo fumbi la choko limene ndimabwera nalo m'tsitsi mukulidziwa.