Kodi Becky Lynch angakhale chitsanzo kwa mwana wamkazi?

Mayi wa Awiri:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumatsatira masewera ogwetsana a wrestling. Mwana wanga wamkazi wa zaka 14 amakonda kwambiri mayi wina wa ku Ireland dzina lake Becky Lynch, moti dzulo ndinamupeza ataima pagalasi, atatambasula manja n'kudzutsa chibwano, akuyeserera kaimidwe ka mayiyo. Nditamuuza kuti zonsezo n'zongokonza ndipo wopambana amadziwika masewera asanayambe, anandiyang'ana misozi ili lengelenge n'kundifunsa kuti, "Nanga magazi aja analinso ongokonza?" Ndinasowa choyankha chifukwa sindikudziwa magazi amene ankanena. Chonde ndifotokozereni mbiri ya mayiyu, ndipo mundithandize kuona ngati munthu womenya ndewu yoti mapeto ake anakonzedwa kale angakhale woti mtsikana azitengera chitsanzo.

Wotsatira Wakale:

Mayi, simunalakwitse ponena kuti wopambana amasankhidwiratu, koma chimene sichingakonzedwe ndi zaka zimene munthu amataya asanafike poti akuluakulu a kampani amusankhe. Dzina lake lenileni ndi Rebecca Quin, anabadwa mu 1987 ku Limerick ndipo anakulira ku Dublin. Mu 2002, ali ndi zaka 15, anayamba kuphunzira masewerawa pasukulu ya Fergal Devitt, yemwe masiku ano amadziwika kuti Finn Bálor. Asanakwanitse zaka 20 anali atamenya kale ku Canada, ku Japan ndi ku America pogwiritsa ntchito dzina loti Rebecca Knox.

Mu 2006 anavulala m'mutu akumenya ku Germany, ndipo apa m'pamene mbiri yake imandigwira mtima. Anasiya masewerawa kwa zaka pafupifupi 7, nthawi imene anzake ankakwera n'kutchuka, iye n'kukagwira ntchito yosamalira anthu m'ndege za Aer Lingus, ntchito yomwe mayi ake ankagwiranso, kenako anakaphunzira zisudzo ku Dublin. Taganizirani munthu amene anazolowera kuchemereredwa ndi khamu, tsopano akukankha kangolo ka zakumwa pakati pa mipando, popanda ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti iye anali ndani. Mu 2013 kampani yaikulu ya wrestling ya ku America yotchedwa WWE inamulemba ntchito m'gulu lake lophunzitsira la NXT, koma ngakhale kumeneko poyamba anamuveka zobiriwira n'kumamuvinitsa gule wa kwawo ngati chinthu choseketsa anthu. Anapirira mpaka mu Julayi 2015 pamene anakwezedwa kupita m'gulu lalikulu la WWE tsiku limodzi ndi Charlotte Flair ndi Sasha Banks, ndipo mu Seputembala 2016 anakhala mkazi woyamba kutenga lamba wa ukatswiri wa amayi wa SmackDown, imodzi mwa mapulogalamu a WWE a pa TV.

Mlongo wa M'bwalo:

Ndiyankhe za magazi, poti ndikudziwa usiku umene mwana wanu akunena. Munali mu Novembala 2018, pa pulogalamu ya WWE ya Raw, patatsala masiku ochepa kuti Becky akumane ndi katswiri mnzake Ronda Rousey pa chionetsero cha Survivor Series. Amayi ambiri anali kumenyana m'bwalo nthawi imodzi, ndipo chibakera cha Nia Jax, chomwe chinayenera kungomukhudza pang'ono, chinamupeza chenicheni pamphuno. Mphuno inathyoka ndipo ubongo unagwedezeka. Iye anagwa, anadzuka, anapitiriza mbali yake mpaka kumapeto, kenako anakwera masitepe pakati pa anthu oonerera n'kutembenuka, magazi ali pamphuno, pamasaya ndi m'manja, atatambasula manja monga mmene munamupezera mwana wanu pagalasi paja. Madokotala anamuletsa kumenya ndi Rousey, ndipo malo ake anatenga Charlotte Flair.

Kuti mumvetse chifukwa chake anthu anamukonda chonchi, dziwani kuti mu wrestling oonerera ali ndi mphamvu yosintha maganizo a olemba nkhani. Miyezi itatu izi zisanachitike, pa chionetsero cha SummerSlam, akuluakulu anakonza zoti Becky aukire mnzake Charlotte n'cholinga choti anthu amude, koma bwalo lonse linamuchemerera, chifukwa anthu anali atatopa kuona munthu wolimbikira akuikidwa kumbuyo chaka ndi chaka. Iye anayamba kudzitcha "The Man", kutanthauza kuti wamkulu pa onse mu kampaniyo, amuna ndi akazi omwe, anali iyeyo. Anapambana ndewu ya anthu ambiri yotchedwa Royal Rumble mu Januwale 2019, ndipo pa 7 Epulo chaka chomwecho, pabwalo la MetLife ku New Jersey, iye, Rousey ndi Charlotte anakhala amayi oyamba kumenya ndewu yotsekera WrestleMania, chionetsero chachikulu kwambiri cha WWE pa chaka, pomwe Becky anatuluka ndi malamba awiri. Kumbukirani kuti zaka 4 zokha m'mbuyo mwake, mu Febuluwale 2015, ndewu ina ya amayi pa Raw inangopatsidwa masekondi pafupifupi 30, zomwe zinakwiyitsa anthu ambiri pa Twitter. Ine ndinaonera usiku wa WrestleMania umenewo, ndipo pamene woyimbira anamenya pansi kachitatu ndinapezeka kuti ndaimirira ndekha m'nyumba, manja ali kukamwa.

Bambo Wachikulire:

Zonse zimene anzangawa anena n'zoona, koma ine ndikufuna kuti mayi amvenso mbali yolemera ya nkhaniyi, chifukwa akufunsa ngati kholo. Chithunzi cha magazi chija timachitamanda, komabe munthu amene ubongo wake wagwedezeka sayenera kupitiriza kumenya, ndipo zoti anaimirira n'kumaliza sizikutanthauza kuti zinali zabwino kwa thupi lake. Pansi pa bwalo lija pali matabwa oyalidwa pa zitsulo, pamwamba pake kansalu ndi kasiponji kopyapyala, ndipo womenya amagwerapo chagada kambirimbiri pa sabata. Wophunzira aliyense amayamba ndi kuphunzira kagwedwe, kupinda chibwano pachifuwa ndi kumenya pansi ndi manja onse awiri kuti msana wonse ulandire ululuwo, koma khosi, mawondo ndi mapewa zimathabe. Mnzake wa Becky wa ku England, Paige, anasiya kumenya mu 2018 ali ndi zaka 25 chifukwa cha khosi, ndipo zinamutengera zaka zoposa 4 kuti abwerere.

Ndikufunanso mwanayo adziwe kuti njirayi sanailambule Becky yekha. Mildred Burke wa ku Kansas ankagwetsana ndi amuna m'zionetsero zoyendayenda m'zaka za m'ma 1930, anatenga lamba wa amayi wa dziko lonse mu 1937 n'kuusunga zaka zoposa 15, ndipo ulendo wake wa ku Japan mu 1954 unathandiza kudzutsa masewera a amayi kumeneko. Chikhalirecho, banja lake ndi Billy Wolfe, amene ankayendetsa bizinesi ya amayi omenya, litatha, zitseko zambiri zinamutsekekera.

Chimene ine ndimamulemekezera kwambiri Becky si malamba ayi, koma zimene anachita mu Meyi 2020. Ali pachimake penipeni pa kutchuka, anaima pamaso pa makamera, anapereka lamba wake kwa Asuka wa ku Japan n'kulengeza kuti ndi woyembekezera. Kale zimenezi zinkatanthauza kutha kwa ntchito ya mkazi m'masewerawa, koma iye anabereka mu Disembala, ndipo mu Ogasiti 2021 anabwerera pa SummerSlam n'kutenganso lamba.

Mayi wa Awiri:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu bambo, chifukwa mwanena zimene mtima wanga unkaopa. Ndamuwerengera mwanayu mayankho anu onse madzulo ano, ndipo ndamupepesa pa nkhani ya magazi ija. Chimene chandidabwitsa n'chakuti sanafunse za malamba, koma anandiuza kuti ndibwerezenso gawo la zaka 7 zimene anasiya masewera zija, n'kufunsa ngati mayiyo ankadziwa kuti tsiku lina adzabwerera m'bwalo. Tagwirizana kuti Loweruka tionere limodzi ndewu ya mu Epulo 2019 ija kuyambira poyamba, ndipo ndamuuza kuti azindifotokozera chilichonse chimene sindikumvetsa.