Makontena anga a Docker sakulankhulana, ndithandizeni

Akuluakulu, ndili kuno ku Mulanje, chakufupi ndi Chitakale. Ndikupanga kachida kofufuzira zithunzi za masamba a tiyi, koti mlimi akajambula tsamba lodwala kazimuonetsa masamba ena ofanana nalo.

Mu Docker Compose, chida choyendetsera pamodzi makontena (timabokosi momwe pulogalamu iliyonse imayendera payokha), ndaikamo makontena atatu: ya Python, ya Elasticsearch (yosunga ndi kufufuza deta) ndi ya Nginx (seva ya webusaiti). Onse amadzuka bwinobwino, koma ya Python ikati ilumikizane ndi Elasticsearch pa port 9200 imangoti "Connection refused". Poyamba pa adiresi ya Elasticsearch ndinalemba localhost, kutanthauza kompyuta yomweyo. Nditazindikira kuti mkati mwa kontena localhost ndi kontena yomweyo, ndinaikapo dzina la service, lomwe ndinaipatsa Elasticsearch mu Compose. Vuto likadalipo.

Ndaikanso depends_on, komatu iyo imangodikira kuti kontena iyambe, osati kuti ikonzeke kulandira mafunso. Kodi healthcheck, yoyesa ngati kontena yakonzeka, ndiye mankhwala ake? Mumailemba bwanji inu?

China chandizunguza mutu: Elasticsearch imangofa yokha ndi exit code 137. Laputopu yangayi ili ndi RAM ya 4 GB basi. Heap, gawo la RAM lomwe Elasticsearch imapatsidwa, ndiichepetse kufika pati?

Chonde musandiuze zotsitsanso ma image onse a Docker, mafayilo omwe makontena amachokerako. Bandulo yandithera kawiri sabata yomwe ino.