Kuyambitsa ana kusoka pa makina akale opukusa ndi dzanja

NaPhiri: Akuluakulu, pali Singer 99K yopukusa ndi dzanja, ndipo ofuna kuphunzira ndi ana a zaka 8 mpaka 12. Ayambire pati kuti asadzibaye kapena kuwononga makina?

Telala_wa_pakhonde: Mayi, makina amenewo ndi oyenera ana kuposa amagetsi, chifukwa mwana akangosiya kupukusa singano imaima. Tsiku loyamba ulusi usakhalepo. Ikani singano yakale, asoke pepala la mizere mpaka maboowo azitsata mzere, kenako makona. Pakona singano ikhale yolowa, akweze phazi (kachitsulo kopanikiza nsalu), atembenuze pepala, atsitsenso phazi. Chopukusira chikazungulira kamodzi singano imabaya katatu, ndiye asathamange. Achipukuse molunjika kutsogolo, gudumu lizibwera kwa iye. Akabweza m'mbuyo ulusi umakodwa pa bobini (kokulungapo ulusi wapansi). Singano yabowola pepala imabuntha, musasokerenso nsalu.

NaBanda: Ndiwonjezereko za ulusi. Pa 99K mbali yaphwatalala ya singano imayang'ana kumanja, ulusi umalowa kuchokera kumanzere. Mukaitembenuza, msoko umadumphadumpha. Pa chitenje singano ya nambala 14 ikwanira, bobini ndi ya mtundu wa 66. Ya 15 ndi yaitali, siyenda m'menemo. Vuto lomwe ana amakumana nalo kwambiri ndi ulusi wounjikana kunsi kwa nsalu. Anthu amathamangira kumasula kasikuluwu ka bobini, chonsecho wolakwa ndi ulusi wapamwamba. Aziulowetsa phazi lili m'mwamba, chifukwa timbale tomanga ulusi timatseguka nthawi imeneyo. Poyamba msoko agwire nsonga ziwiri za ulusi kumbuyo kwa phazi mpaka singano ibaye katatu. Nsalu asaikoke, mano a makina a pansi pa phazi amaiyendetsa okha. Kukoka kumapinda singano n'kuithyola.

Achimwene_Jere: Wa zaka 8 ntchito ziwiri pakamodzi zimamuvuta. Wina azipukusa, iye aziwongolera nsalu ndi manja onse, zala kutali ndi singano, koma wowongolerayo ndiye azinena kuti "imani". Mafuta akhale a makina osokera, dontho limodzi pabowo lililonse. Ophikira amauma n'kumata ngati phula. Makina ouma chifukwa chokhalitsa afewetseni ndi palafini kaye. Sipiriti asakhudze penti yakudayo, amasungunula vanishi ndi maluwa agolide. Ma 99K akale kwambiri sasoka chobwerera, choncho pomaliza msoko akokere ulusi wapamwamba kunsi n'kumanga mfundo.