Chigongono cha mwana wa zaka 6: fupa lathyoka kapena ndi mzere wa kakulidwe?

Tekiniko wa ku Angónia
Akolega thandizeni msanga, mwana ali pa benchi ndi amayi ake. Mnyamata, akuti zaka 6, wagwa mumtengo wa mango dzulo madzulo, anafikira chikhatho mkono uli tambasu. Chigongono chakumanja chatupa, makamaka mbali yakunja, sakulola kupinda. Pa chapa (chithunzi cha raio-X) ya AP, yojambula kuchokera kutsogolo, ndikuona kachidutswa kopyapyala ngati chikhadabo kumunsi kwa úmero, fupa la pakati pa phewa ndi chigongono, ndi kamzere kakuda. Ya perfil, yojambula chambali, yatuluka yopendekera chifukwa amalimbalimba. Mnzanga akuti ndi cartilagem de crescimento, mzere wa kakulidwe chabe, timange chikhakha azipita. Ine mtima sukukhazikika, koma kumukweza ulendo wa ku Tete chifukwa cha mzere wachibadwa ndi kuwadyera makolo ndalama. Nditani?

Wa raio-X, Moatize
Jambulani mkono winawo. Muike ziwirizo pamodzi pa kuwala, yankho mulipeza nokha.

Mayi namwino, Tsangano
Musanayang'anenso chapa, dzanja lili bwanji? Pulso radial, kugunda kwa magazi polumikizira dzanja, ikumveka? Finyani chikhadabo, magazi abwerere asanathe masekondi awiri. Ndiye mumuuze achite zitatu: akweze chala chachikulu, ndi nervo (mtsempha woyendetsa ndi kumvetsa kukhudza) radial imeneyo, akumanize chala chachikulu ndi chamkombaphala apange kabwalo, ndi nthambi ya nervo mediano, atambasule zala ngati akuwerenga zisanu, ndi nervo cubital. Mulembe zonse ndi ola lake. Chikasintha panjira, olandira adziwe kuti chasintha.

Tekiniko wa ku Angónia
Pulso ilipo, dzanja ndi lofunda, zala zonse zikuyenda. Kukanikiza kunja akulumpha, mkati ayi.

Mkulu wa opaleshoni
Achimwene, tiyambe ndi mawu. "Kunja" kwanuko ndi kuti? Mkono wa wodwala ukagona pa tebulo chikhatho chili pansi, ambiri amasokoneza. Timawerenga munthu ataima, manja m'mbali, zikhatho zikuyang'ana kutsogolo. Pamenepo mbali ya chala chachikulu ndi lateral, ya fupa la rádio. Mbali ya kachala kakang'ono ndi medial, ya fupa la cúbito. Kufupi ndi phewa proximal, kufupi ndi zala distal. Pa giya, kalata yomutumizira, mulembe choncho, "úmero distal direito, lado lateral", osati "kunja" kapena "kumunsi".

Ngati ndi lateral ndithu, werengani zaka. Mapeto a fupa lalitali mwa mwana amakhala chichereŵechereŵe, ndipo chichereŵechereŵe sichioneka pa raio-X. Fupa lenileni limayamba kuuma pakati, pa diáfise, mwana akadali m'mimba; kumapeto, pa epífise, kumatuluka timbewu ta fupa pambuyo pake, kalikonse pa nthawi yake. Pachigongono tilipo tisanu ndi kamodzi. Capítulo cha m'ma chaka chimodzi, mutu wa rádio zaka 3, epicôndilo medial 5, tróclea 7, olécrano 9, epicôndilo lateral 11. Zakazo ndi zongokumbukirira, atsikana amatsogola, ana ena amachedwa, koma ndondomeko yake sisinthasintha. Ndiye mwana wa zaka 6 sayenera kukhala ndi kambewu ka epicôndilo lateral. Kachidutswa kanuko kachokera kuti? Ndikuganiza côndilo lateral, chigawo cha lateral cha mapeto a úmero, yathyoka, ndipo chikhadabo mukuonacho ndi kachibenthu ka metáfise (fupa la pakati pa diáfise ndi mzere wa kakulidwe) komwe kapita ndi chigawo chachikulu cha chichereŵechereŵe chomwe simukuchiona. Pa chapa kamachepa, mkati ndi kakakulu, ndipo mng'alu wake nthawi zambiri umafika mu mfundo.

Wa raio-X, Moatize
Zonsezo ndi kuganiza. Mkono wamanzere ukanakuuzani m'mphindi zisanu.

Tekiniko wa ku Furancungo
Zaka 6 wanena ndani, khadi kapena amayi? Kumudzi zaka zimayendera kutalika kwa mwana. Ngati khadi ya sikelo palibe, mutseguleni kukamwa. Zibwano zoyamba zachikulire zimatuluka cha m'ma zaka 6, mano akutsogolo amaguluka nthawi yomweyo. Akakhala kuti mano a ukhanda atsala ochepa okha ndiye mwanayo ali cha m'ma 10 mpaka 12, ndipo nkhani ya timbewu ija isintha. Ana operewera zakudya amanyenga, thupi laling'ono zaka zambiri.

Tekiniko wa ku Angónia
Khadi ilipo, zaka 6 ndi miyezi inayi. Ndi mbali ya chala chachikulu, ndatsimikiza.

Mkulu wa opaleshoni
Basi, musamangire chikhakha chozungulira n'kumutumiza kunyumba. Bwerezani perfil, chigongono pa madigiri 90, mkono wonse ndi phewa pa mulingo umodzi, amayi agwire dzanja. Mupatseni kaye paracetamol, 15 mg pa kilo, mudikire theka la ola, alola. Pa perfil yabwino yang'anani izi: mzere wotsika kutsogolo kwa úmero udutse pakati pa capítulo, mzere wodutsa m'khosi la rádio uloze capítulo, kumbuyo kwa úmero kusaoneke kachithunzi kakuda ka mafuta, kakaoneka ndiye mu mfundo muli magazi. Kenako pemphani oblíqua interna, chapa yojambula mkono utapendekera mkati, ndi imene imaonetsa kutalikirana kwenikweni kwa côndilo lateral. Kupitirira mamilimita awiri ndi nkhani ya opaleshoni ya mawaya, osati chikhakha. Ngakhale zitakhala pansi pa awiri, chapa ibwerezedwe pakatha masiku 5 mpaka 7, chifukwa minyewa yowongola dzanja imamera pomwepo ndipo imakoka kachidutswako pang'onopang'ono.

Wa raio-X, Moatize
Oblíqua mwana akulira simuipeza. Mkono wabwino sulimba, umagona wokha. Ndanena kale.

Mayi namwino, Tsangano
Bambo a ku Moatize, takumvani. Koma mkono wamanzere ungonena kuti kachidutswako si kachibadwa, zomwe zaka zatiuza kale. Sunena kuti katalikirana bwanji. Machapa akakhala owerengeka, yotsalayo ipite pa mkono wodwala.

Wophunzira
Pepani akuluakulu, funso la mwana wasukulu. Mzere wa kakulidwe ndi wa kuthyoka mumasiyanitsa bwanji ndi maso okha?

Tekiniko wa ku Furancungo
Wa kakulidwe uli pamalo pake pomwe mukuudziwa, pakati pa epífise ndi metáfise, m'mphepete mwake ndi mosalala ndi moyererako. Wa kuthyoka ndi wakuthwa, umapita komwe wafuna, ndipo pamwamba pake pamatupa n'kupweteka. Koma chenjerani, fise, mzere wa kakulidwe womwewo, imathyoka. Ndi pofewa kuposa mitsempha yomanga mfundo, choncho kugwa komwe wamkulu amangobinya nako, mwana amatseguka pa fise. Salter ndi Harris anazigawa mitundu isanu mu 1963. Woyamba umadutsa mu fise mokha, chapa imatha kuoneka yabwinobwino. Wachiwiri umatenga kangodya ka metáfise, ndiwo wochuluka. Wachitatu umatsikira mu epífise, wachinayi umadula zonse zitatu, wachisanu ndi kuphwanyika kwa fise komwe mumakuzindikira mochedwa fupa litasiya kukula. Mwana akamva ululu pa fise penipeni, mumumange ngati wathyoka ngakhale chapa ikane.

Namwino wa ku Zóbuè
Ine changa ndi chimodzi, nyengo ya mango ino musamange zolimba. Tala (chikhakha cha mbali imodzi) ya kumbuyo, kuchokera pansi pa khwapa mpaka m'chikhatho, thonje lokwanira, zala zioneke. Chigongono chotupa musachipinde kupyola 90, chikatupa kwambiri muchisiye chotambasukako. Tonse tawaonapo ana obwera sabata itatha atamangidwa nsungwi ndi luzi kumudzi, zala zitakhota ngati za nkhuku. Minyewa ikafa ndi kufinyika sibwerera. Amayi muwauze ndi Chichewa chomveka: ululu ukamakula osamva mankhwala, zala zikazizira kapena kuchita dzanzi, asadikire kucha.

Mkulu wa opaleshoni
Ndipo musadalire zoti ana amawongoka okha. Zoona, periósteo yawo, kachikopa kokuta fupa, ndi yokhuthala, calo, fupa latsopano lolumikiza pothyokapo, imaoneka pakatha sabata ziwiri, ndipo maselo a osteoclasto amasema pomwe a osteoblasto akumanga mpaka fupa liwongoke. Koma zimenezo zimayenda bwino pafupi ndi fise yomwe imakula kwambiri. Úmero imatalika pafupifupi 80 pa 100 kuchokera kuphewa, kuchigongono gawo laling'ono lokha. Ndiye kuthyoka kwa kuphewa kumakhululuka, kwa kuchigongono ayi. Côndilo lateral imasambanso m'madzi a mu mfundo, sichedwa kukana kulumikizana. Ikakana, chigongono chimapendekera kunja m'kupita kwa zaka, nervo cubital n'kumakokeka, munthu adzabwera ali wamkulu kachala kakang'ono kachita dzanzi. Ndipo fise yomwe yatha sabata kapena masiku 10 musaikokekoke kuti muiwongole, mumaipha.

Wa raio-X, Moatize
Chabwino, koma mukamatumiza muike chilembo D, cha direito, kumanja, pa chapa. Ndipo wamanzereyo akanajambulidwa, olandira sakanavutika.

Namwino wa ku Zóbuè
Mukanena chapa muzinena iti, amayi angamve kuti akakwere chapa ya pa msewu. Mwana wa tala asapanikizidwe pakati pa matumba a mbatata, akhale mbali yomwe mkono sugundidwa, dzanja lili pamwamba pa chifuwa.

Wophunzira
Nanga akakhala kuti tróclea ikuoneka koma epicôndilo medial palibe?

Mkulu wa opaleshoni
Ameneyo si tróclea. Ndi epicôndilo medial yomwe yazuka n'kugwera mu mfundo, kawirikawiri chigongono chitaguluka n'kubwerera. Medial imatsogola nthawi zonse. Mukaona choncho yesani cubital, mulembe giya.

Tekiniko wa ku Furancungo
A ku Angónia, oblíqua ija yatuluka? Komanso amene ali ndi thonje la pansi pa chikhakha lotsala andiuze, kuno tikung'amba ligadura, mabandeji.