Mjigo wa kwathu ukumbidwe pati?

Mlembi: Abale ndi alongo a ku Mitundu, nkhani yabwino. Abwana awo a Nangozo, ochokera ku Sri Lanka, apereka ndalama zokumbira mjigo kumudzi. Komiti yagwirizana kuti ukhale pafupi ndi bwalo la agulupu.

Nangozo: Nzoona. Iwo ndi a chipembedzo cha Buddha, akuti kupatsa anthu madzi ndi mphatso yaikulu. Angopempha malisiti basi.

Bambo a Tadala: Tiyambe taona malisiti a simenti ya mlatho uja.

Aphunzitsi: Alembi, komiti yakumana liti? Ine ndili m'komitimo, sindinaitanidwe. Chikumanireni pansi pa mtengo wa mango ku Biwi paja, zonse zikungotsika ngati mvula. Poti ndalamazi zachokera kwa anthu a Buddha, timveko zimene iwo amaphunzitsa. Atafunsidwa za anthu a Vajji ku India, Buddha anati malinga akamakumana kawirikawiri, nkumayamba ndi kutseka msonkhano ali amodzi, sangagwe. Ife tikumana pa maliro pokha.

Tcheya: Aphunzitsi, tinakuimbirani kawiri, foni yanu inali yozima.

Aphunzitsi: Ndiye munalephera kulemba pagulu pano? Ndipitirize. Anthu a Buddha amati pali zinthu zinayi zimene zimakhotetsa maganizo a mtsogoleri: kukondera, chidani, mantha ndi kusadziwa. Zonsezi ndikuziona pa mjigowu. Agulupu ndi malume anu, Atcheya, sitibisa. Ena mukuopa kuti mukawatsutsa adzakulandani dimba. A kutsidya kwa dambo mudakawasungirabe mangawa poti anakana kuumba njerwa za mlatho. Ndipo palibe mwa ife amene wapita kukawerenga mabanja. Ndinali kumudzi mwezi watha. Ndinapeza mdzukulu wanga wa Sitandade 6 atagwada pachitsime cha kudambo mbandakucha, akudikira madzi kuti adikhe, oyera ngati thobwa, ng'ombe zitapondaponda m'mbali monse. Pabwalo la agulupu pali kale mjigo, wangofa mapaipi. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe inali pakati pa maboma okhudzidwa kwambiri. Taiwala kale?

Mayi a Chisomo: Ine sindikutsutsa za madzi, koma za Buddha zi zisalowe m'gulu lathu. Tili ndi mipingo yathu. Lero mjigo, mawa adzafuna malo omangapo kachisi.

Nangozo: Mayi, sanapemphe malo. Zaka zonse ndagwira kwawo sanandiuzepo kuti ndisiye Katolika.

Aphunzitsi: Palibe akukutembenuzani, mlamu. Mfumu Ashoka ya ku India, zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe, itaona anthu amene anafa pa nkhondo ya ku Kalinga inasintha mtima. Inalembetsa pamiyala ndi pazipilala zimene inachita: kukumba zitsime m'mbali mwa misewu, kudzala mitengo ya mthunzi, kumanga malo opumulira apaulendo. Taonani, m'mbali mwa msewu, podutsa aliyense, osati kuseri kwa nyumba yachifumu. Ndipo inalemba poyera kuti anthu aziona. Ifenso tilembe ndalama iliyonse pakhoma la sukulu.

Msungichuma: Mukandinena munditchule dzina. Simenti ija inauma ndi mvula, matumba ndinakuonetsani.

Bambo a Tadala: Munationetsa asanu. Tinagula 40.

Msungichuma: Inu amene simunasonkhe ngakhale za maliro a mayi anga?

Tcheya: Chonde tilemekezane. Mutu umodzi susenza denga. Nkhani ya malo tiisiyire agulupu.

Aphunzitsi: Ayi Atcheya, pamenepo mpamene ndikukana. Loweruka tikwere minibasi, tikakhale pansi ndi amayi otunga madziwo, aloze okha. Thiransipoti ya anthu awiri ndilipira ine.

Nangozo: Abwana andifunsanso m'mawa uno. Ndiwauze chiyani?

Mlembi: Msungichuma watuluka m'gulu. Ali ndi nambala yake ina amubweze, buku la akaunti lili kwa iye.