Galimoto ya rimoti yoyamba ya mwana wa zaka 4: ndigule yotani kuti ikhalitse?

Nambewe_wa_ku_Zomba

Moni nonse. Ndikufuna kugulira mwana wanga wa zaka 4 kagalimoto koyendera rimoti, koyamba. Ndalama ndi zochepa, ndiye sindikufuna chinthu choti chifa sabata isanathe. Bwalo lathu ndi la dothi, pali timiyala ndi kapinga pang'ono, simenti ili pakhonde pokha. M'masitolo ndaona mitundu itatu: zonyezimira zooneka ngati zampikisano, za matayala akuluakulu, ndi zina zoti zikagudubuka zimangopitiriza kuyenda chagada. Pamakatoni palembedwa 27MHz, 2.4GHz, 1:16, 1:24, 4WD, ndipo chofunika kwenikweni sindikuchidziwa. Nanga mabatire, nditenge ya AA kapena yotchaja? Magetsi kuno amazimazima. Ndithandizeni chonde.

Mmisiri_wa_Mawailesi

A Nambewe, yambirani pa bwalo lanulo. Zonyezimira zija zisiyeni. Mimba yake imakhala pafupi kwambiri ndi nthaka, timatayala n'tating'ono ndiponso nthawi zambiri n'tapulasitiki youma, choncho pa dothi timangozungulira pamalo amodzi ndipo kamwala kalikonse kamaiimitsa. Zinapangidwira pansi posalala pa m'nyumba. Inu mukufunika yoti pansi pake pazilowa zala ziwiri zosanjikiza, kutanthauza masentimita atatu kapena kuposerapo, ndi matayala a mphira oti mukawadina azibonyoka.

1:16 kapena 1:24 ndi kukula kwake poyerekeza ndi galimoto yeniyeni. Nambala yachiwiriyo ikakula, galimoto imachepa. Ya 1:24 imakhala pafupifupi masentimita 18 mpaka 20, ndipo pabwalo la dothi imavutika. Ya 1:16 kapena 1:18 imafika masentimita 25 mpaka 30, ndiyo yoyenera. Ya 1:10 ndi yaikulu, yolemera, ndipo ikagunda mwana pamsongolo amalira ndithu.

Liwiro musalisirire. Mwana wa zaka 4 sanafike poona chipupa n'kusiya batani nthawi yomweyo. Makilomita 8 mpaka 10 pa ola akukwana, kuti azitha kuithamangira n'kuipeza. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yogundira imawirikiza kanayi, n'chifukwa chake zothamanga 25 kapena 30 zimathyoka miyendo yakutsogolo tsiku loyamba. Za matayala akuluakulu zokwera miyala zija, zolembedwa 4WD (kutanthauza kuti matayala onse anayi amakoka), n'zabwino pachifukwa chomwechi: magiya ake anawatsitsa dala kuti ziziyenda pang'onopang'ono koma mwamphamvu, ndipo zambiri zili ndi mota kutsogolo ndi ina kumbuyo.

27MHz ndi 2.4GHz ndi mafunde a wailesi amene rimoti imalankhulira ndi galimoto, ndipo pakati pa ziwirizi tengani 2.4GHz. Za 27MHz, 40MHz ndi 49MHz n'zakale. Zimakhala ndi eriyo yaitali yachitsulo imene imathyoka komanso ingalase mwana m'diso, ndipo mnzake akabwera ndi ya nambala yomweyo, rimoti imodzi imayendetsa galimoto zonse ziwiri. Ya 2.4GHz ikalumikizana ndi rimoti yake imamva imeneyo yokha. Palinso zotchipa kwambiri zoyendera kuwala kwa infrared, monga rimoti ya TV. Zimenezo padzuwa sizimva.

Musanapereke ndalama, auzeni ogulitsa aikemo mabatire. Ipite kutsogolo, ibwerere, ikhote uku ndi uku. Kenako inyamuleni matayala akuzungulira, mumvetsere: kulira kosalala kuli bwino, koma kwa "kre-kre-kre" ndiye kuti mano a magiya sakulumana. Pindani pang'ono bampala. Pulasitiki yolola kupindika n'kubwerera imapirira, youma gwa yonyezimira imasweka. Tembenuzani muone ngati anamanga ndi masikuluwu, chifukwa yomata ndi guluu singatsegulidwe ikawonongeka. Pomaliza perekani rimoti m'manja mwa mwanayo. Ya timitengo tiwiri toyendetsa ndi zala zazikulu ndiyo amaitha. Yooneka ngati mfuti, ya kawilo pambali, imafuna dzanja lalikulupo.

Che_Mabatire

Zimene anena a Mmisiri n'zoona. Ine ndiwonjezere za mabatire, chifukwa ndi kumene ndalama zimathera, ndipo galimoto zambiri zimene anthu amati zafa zimakhala kuti lafa ndi batire.

Galimoto ya AA imadya mabatire anayi kapena asanu ndi limodzi, rimoti awiri. Mabatire otchipa olembedwa Heavy Duty, a zinc-carbon, ndi a wotchi yapakhoma ndi rimoti ya TV. Mota imakoka moto wambiri nthawi imodzi, iwo sakwanitsa, ndiye galimoto imafooka pamphindi zochepa. A alkaline amayesetsa, koma kugula atsopano mlungu uliwonse kudzapitirira mtengo wa galimotoyo. Mukasankha ya AA, gulani otchajika olembedwa NiMH a 1900 mpaka 2500mAh (nambala ya mAh imasonyeza kuchuluka kwa moto umene batire limasunga) pamodzi ndi tchaja yake. Lililonse limapereka 1.2V m'malo mwa 1.5V, choncho anayi ndi 4.8V osati 6V. Galimoto imatsikako liwiro pang'ono, zimene kwa mwana wanuyo n'zabwino. La AA lolembedwa 3500 kapena 4800mAh likunama, lisiyeni. Musasakanize akale ndi atsopano kapena a mitundu iwiri, chifukwa lofookalo limatha msanga n'kuyamba kudontha.

Koma poti magetsi amazimazima, ine ndingakusankhireni yobwera ndi batire la lithium la 3.7V lotchajira pa USB. Limatchajika pa power bank, pa sola ya panyumba ngakhale m'galimoto. Chachikulu n'chakuti batirelo lizichoka, likhale ndi kapulagi kake. Lomangirira m'kati likafa, galimoto yathera pomwepo. La 500mAh limatenga ola limodzi kapena ola ndi theka kuti lidzaze, ndipo limaseweretsa mphindi 15 mpaka 20 basi. Mwana wa zaka 4 zodikira ola sazimva, ndiye gulani lachiwiri tsiku lomwelo. Pa ndalama zimene mwasunga, patulani gawo limodzi mwa magawo anayi likhale la mabatire.

Pogula lachiwirilo tengani loyamba mukafananitse: 3.7V ndi 3.7V, kapulagi kofanana, ndipo muonetsetse kuti waya wofiira ali mbali yomweyo. Pali mabatire a kapulagi kofanana ndendende koma mawaya anasinthanitsidwa, ndipo mukangolumikiza, bolodi ya zamagetsi ya m'kati mwa galimoto imapsa. Chingwe cha USB chimene chabwera m'katoni musachitaye, chifukwa kabolodi koletsa batire kudzaza mopitirira 4.2V nthawi zambiri kamakhala m'mutu mwa chingwecho. Cha batire la 7.4V n'china, sizibwerekana. Palinso batire la lithium lotchedwa 14500, lofanana kukula ndi AA koma la 3.7V. Limeneli lisalowe m'galimoto kapena m'rimoti ya AA.

Lithium safuna masewera. Otchaja akhale wamkulu, pa simenti, osati pamatiresi kapena pampando wa nsalu, ndipo musagone litalumikizidwa. Likachoka m'galimoto lili lotentha, lizizire kaye. Galimoto ikayamba kufooka izimitseni, chifukwa kulikama mpaka litatheratu kumalipha. Ngati ikhala milungu osaseweretsedwa, chotsani batire, mulisunge lili pafupifupi theka pamalo ozizira, osati pawindo pofika dzuwa la mu Okutobala. Lotupa, lobooka kapena lonunkha musalitchajenso ndipo lisaponyedwe pamoto wa zinyalala.

Phiri_wa_ku_Joni

Ine ndisiyana nawo pang'ono anzangawa. Zonse akukambazi ndi za gulu la zidole, ndipo vuto lake n'limodzi: chikathyoka kanthu, sipeya wake sagulitsidwa. Pali gulu lina, la akuluakulu okonda masewerawa, monga Tamiya ya ku Japan, Traxxas ya ku America ndi WLtoys ya ku China, yomwe ndi yotsikirapo mtengo. Zimenezi kachidutswa kalikonse kali ndi nambala yake ndipo kamagulidwa pakokha. Chiwongolero chake chimakhota malinga ndi mmene mwapotolera, pamene za zidole zimangodziwa kumanzere kwathunthu kapena kumanja kwathunthu. Za Traxxas zili ndi Training Mode yodula mphamvu ndi theka, ndipo marimoti ena ali ndi kabatani kotsitsira liwiro. Yotere ingakhale zaka zambiri, mng'ono wake n'kudzaipeza.

Mmisiri_wa_Mawailesi

A Phiri, za masipeya mukunena zoona, koma kwa mwana wa zaka 4 ayi. Zambiri za gulu limenelo pakatoni amalemba zaka 14 kupita m'tsogolo. WLtoys 144001 amaitsatsa kuti imafika makilomita 60 pa ola ndipo pansi pake n'pachitsulo, si chinthu chopatsa mwana pabwalo pamene pali anzake ndi nkhuku. Za Tamiya zambiri, monga Grasshopper ndi Lunch Box, zimabwera zidutswa zoti mumange nokha, rimoti ndi batire n'kugula padera. Komanso sipeya amene inu mumamupeza mosavuta ku Joni, mayiwa ayenera kuitanitsa kunja, kulipira mtengo wotumizira, n'kudikira milungu. Ayambe ndi yachidole yolimba. Mwana akafika zaka 8 kapena 10 chidwi chikadalipo, pamenepo malangizo anuwo agwira ntchito.

Nambewe_wa_ku_Zomba

Zikomo kwambiri nonse, tsopano ndayamba kuona. Zatsala ziwiri: ya matayala akuluakulu ya 4WD ndi yogudubuka ija. Yolimba ndi iti? Komanso mvula ikayamba bwalo limachita matope, ndimuletse?

Nachisale_Okonza_Zidole

Mayi, pa kulimba kokha yogudubukayo imapambana. Chifukwa chake n'chakuti ilibe chiwongolero. Ili ndi mamota awiri, ina ya matayala akumanzere, ina ya akumanja, ndipo imakhota mbali imodzi ikathamanga kuposa inzake. Timikono ndi timapini tam'chiwongolero, tomwe ndi toyamba kuthyoka pa galimoto zinazi, mulibemo. Matayala ake ndi otalika kuposa thupi, ndiye ikagunda chipupa chimayamba kufika ndi mphira. Mwana savutikanso kukaitembenuza. Kuipa kwake n'kwakuti kuyendetsa molunjika kumafuna kukankha timitengo tonse tiwiri mofanana, zimene masiku oyamba zimamuvuta, ndipo mu kapinga wamtali imakodwa. Ngati dothi lanu ndi losesedwa lolimba, tengani imeneyo. Ngati pali mabampu, mizu ndi kapinga wambiri, tengani 4WD.

Matope muletseni. Mawu oti waterproof pa zidole zotchipa musawadalire. Madzi akalowa amachititsa dzimbiri pa bolodi, pa switchi ndi m'mota. Ikanyowa mwangozi, chotsani batire nthawi yomweyo, tsegulani, iume pamthunzi podutsa mphepo masiku awiri musanayese kuyatsa.

Zopha galimotozi kwenikweni ndi zitatu, ndipo zonse n'zopeweka. Choyamba ndi kukankha ndi dzanja. Mwana anazolowera galimoto ya mawaya kapena yapulasitiki yokankha, ndiye batire likatha amaitsindikiza pansi n'kumaiyendetsa yekha. Pamutu pa mota pali kagiya kapulasitiki ka mano 8 kapena 10, ndipo kukankhako kumakang'amba kapena kukalala mano. Chizindikiro chake, mota ikulira koma galimoto siikuyenda. Mamota ang'onoang'ono otchedwa 130 ali ndi kachitsulo ka mamilimita awiri, ndipo kagiya kolowa pamenepo mungakachotse pa chidole china chakufa. Muuzeni mwana kuti iyi siikankhidwa, ndipo batire likatha muibise, mumupatse yokankhayo.

Chachiwiri ndi tsitsi, ulusi, mesh ndi udzu zokulungika pa ekiselo kuseri kwa tayala. Zimamanga tayala, mota imavutika n'kutentha. Akamaliza kusewera tembenuzani galimoto, zungulitsani tayala lililonse ndi chala, chotsani zokulungikazo ndi singano kapena kalumo, fumbi mulichotse ndi mswachi wakale wouma. Mafuta ophikira kapena oyilo wa injini musathire m'magiya, amagwira mchenga n'kusanduka phala lopala mano. Ngati mwatsegula bokosi la magiya, kadontho ka girizi wa silicone kakukwana.

Chachitatu ndi kupanikiza batani galimoto itakanirira pachipupa kapena pansi pa mpando. Mota yosazungulira imakoka moto wochuluka kwambiri, ndipo pamasekondi ochepa imatha kupsa kapena kuwotcha bolodi. Mphunzitseni kuti ikaima asiye batani, apite akaichotse. Posintha batire dikirani mphindi 10, ndipo ngati pamene pali mota pakuotcha chala dikiranibe.

Zina n'zazing'ono. Ikamakokera mbali imodzi, pansi pakati pa matayala akutsogolo a 4WD pamakhala kanthu kosuntha kolembedwa L ndi R, sunthani pang'ono mpaka ilunjike. Ikamamva pafupi pokha, afooka ndi mabatire a rimoti. Ikangoti zii osayaka, yang'anani kaye waya woduka pa mota, pa switchi kapena pa kapulagi ka batire. Okonza mawailesi ndi mafoni pamsika amawotcherera zimenezi pamphindi zochepa. Timasipuling'i ta mabatire tikachita zoyera chifukwa cha alkaline wodontha, pukutani ndi kathonje konyowetsa viniga kapena madzi a ndimu, muumitse bwino.

Che_Mabatire

Chinanso a Nambewe, poti pakhomo pangakhale wamng'ono kuposa ameneyu. Chitseko cha mabatire, pa galimoto ndi pa rimoti pomwe, chikhale chomanga ndi sikuluwu. Pewani chidole chilichonse chogwiritsa ntchito timabatire tozungulira tokhala ngati ndalama yachitsulo, monga CR2032 kapena LR44. Mwana akameza kotere kakhoza kukakamira kummero n'kuwotcha mnofu pa maola awiri okha. Zikachitika thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale akuoneka bwinobwino, ndipo musamusanzitse. Pakatoni yang'anani zaka zimene alemba. Kankhope kodulidwa ndi mzere kolembedwa 0-3 kakutanthauza kuti muli tizidutswa totsamwitsa mwana wosakwana zaka 3. Kokani matayala, timagalasi ndi timagetsi tokongoletsera muli m'sitolo momwemo, ndipo chimene chikugwedera muchichotse musanamupatse. Azisewera kutali ndi msewu, chifukwa maso ake amakhala pa kagalimoto, osati pa njinga yamoto imene ikubwera.

Nambewe_wa_ku_Zomba

Bwalo lathu ndi losesedwa, ndiye nditenga yogudubukayo ya 2.4GHz, ya batire lochoka, ndi batire lachiwiri. Msuweni wake ali nayo kale ya 2.4GHz, sizisokonezana poyatsa?

Mmisiri_wa_Mawailesi

Zingasokonezane pa kuyatsa pokha. Zidole zambiri za 2.4GHz zimafunafuna rimoti nthawi iliyonse mukaziyatsa, ndipo zimagwira imene zayamba kuipeza, makamaka zikakhala za kampani imodzi. Yatsani galimoto imodzi ndi rimoti yake, dikirani kagetsi kasiye kuphethira, iyeseni, kenako muyatse inayo. Zikasinthana marimoti, zimitsani zonse muyambirenso.